Sabata imodzi pansi pa London: Piccadilly, Northern ndi anzake

Lolemba: kuchoka ku Heathrow mpaka King's Cross

Ndege zochokera kwathu kudzera ku Addis Ababa zimatera ku Terminal 2. Mukatenga chikwama, zikwangwani zimakulozerani sitima zamitundu itatu, ndipo mitengo yake ndi yosiyana kwambiri. Heathrow Express imathamangira ku Paddington m'mphindi 15 osaima paliponse, koma imaboola thumba. Elizabeth line ili pakatikati. Yotchipa kuposa zonse ndi laini ya Piccadilly, imodzi mwa njanji za pansi pa nthaka za London zotchedwa Underground, yabuluu woderapo pamapu, imene inafika ku bwalo la ndegeli mu 1977. Iyi ndiyo ya lero, ndipo mpaka King's Cross imadya pafupifupi ola lathunthu.

Nkhani ya malipiro iyambe kumveka musanafike pageti. Tikiti yapepala ya ulendo umodzi ndiyo njira yodula kwambiri, isiyeni. Anthu amalipira ndi khadi la Oyster, loikamo ndalama zoyendera, limene linayamba mu 2003 ndipo limagulidwa pamakina a pasiteshoni, kapena ndi khadi lakubanki longogunditsa, limene analoleza mu 2014. Makadi a mabanki akunja ena amagwira, ena amakanidwa, ndipo banki yanu ikhoza kumadula kangachepe pa kusintha ndalama, choncho mlendo wa masabata angapo amapumula mtima ndi Oyster. Mumagunditsa pa kabwalo kachikasu polowa, mumagunditsanso potuluka. Kompyuta imawerengera mtengo malinga ndi mazoni amene mwadutsa: pakati pa mzinda ndi zoni 1, Heathrow ili mu zoni 6, ndipo kunja kwenikweni kumafika zoni 9. Mukapanda kugunditsa potuluka, siidziwa kumene mwatsikira, ndiye imakudulani mtengo waukulu kuposa wonse.

Zinthu ziwiri zimadyera anthu ndalama tsiku loyamba. China ndi kugunditsa chikwama cha m'thumba chonse muli makadi awiri: geti limasokonezeka, kapena limatenga khadi lina polowa ndi lina potuluka, ndiye makadi onse awiri amadulidwa ngati ulendo wosamaliza. Chinanso ndi kulowa ndi foni n'kutuluka ndi khadi lapulasitiki la akaunti yomweyo. Kwa makinawo izi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Sankhani chimodzi, mukhale nacho tsiku lonse, chifukwa pali malire a ndalama imene munthu angadulidwe patsiku, ndipo malirewo amawerengedwa pakhadi limodzi. Munthu aliyense wamkulu akhale ndi lake. Ana osafika zaka 11 amadutsa ulere ndi wamkulu amene walipira, pageti lalikulu la m'mbali, lomwenso ndi la a zikwama.

Sitima ya Piccadilly ndi yaing'ono, denga lake lopindika, mabogi ake a m'ma 1970. Ikachoka ku Heathrow imatulukira kunja cha ku Hounslow n'kumayenda kuseri kwa nyumba za anthu, kudutsa Osterley, Northfields, Acton Town. Kuchoka pa Acton Town imathamanga mpaka Hammersmith, kudumpha masiteshoni ang'onoang'ono amene laini ina ya District imaimapo. Apa pali nzeru yopulumutsa msana: ngati mukupita ku Victoria, Westminster kapena Tower Hill, tsikani pa Hammersmith kapena Barons Court. Sitima ya District imaima mbali ina ya pulatifomu yomweyo, mungokoka chikwama mapazi asanu. Mukadikira kusinthira pa Earl's Court kapena South Kensington, Piccadilly imakhala italowa kale pansi penipeni pamene District ikadali pafupi ndi msewu, ndipo pakati pake pali masitepe ndi makonde.

King's Cross St Pancras pamakumana malaini 6. Musanatuluke werengani chikwangwani cha khomo limene mukufuna, chifukwa kuphonya khomo pano ndi mphindi khumi zozungulira ndi katundu.

Lachiwiri: njanji zakale za pamwambamwamba

Chimene anthu amachitcha Underground, kapena Tube, kwenikweni ndi mitundu iwiri ya njanji zimene zimagwiritsa mapu amodzi. Pa malaini 11, anayi ndi osazama: Metropolitan, District, Circle ndi Hammersmith & City. Otsala 7 ndi ozama. Kusiyana kumeneku ndiko kumafotokoza kukula kwa sitima, kutentha, phokoso ndi kutalika kwa masitepe.

Osazamawo anawamanga pokumba ngalande mumsewu, kuyala njanji, kumanga denga la njerwa n'kukwiriranso. Umu ndi mmene Metropolitan Railway inamangira njanji yoyamba ya pansi pa nthaka padziko lonse, kuchokera ku Paddington mpaka Farringdon, yotsegulidwa pa 10 Januwale 1863. Zinali sitima za malasha, choncho anasiya mipata yambiri yotulukira utsi. Mipata imeneyo ndi imene yathandiza kuti sitima za malaini anayiwa lero zikhale ndi makina oziziritsa mpweya, popeza kutentha kuli ndi kothawira. Ndi zazikulu ngati sitima wamba, ndipo mutha kuyenda m'kati kuchoka kutsogolo mpaka kumbuyo. Pa Baker Street tsikirani ku mapulatifomu 5 ndi 6 muone denga la njerwa la nthawi imeneyo ndi mabowo a m'mbali amene ankalowetsa kuwala. Malo amenewa ndi oyenera kuimapo ngakhale mulibe kokwera.

Dzina la Circle, yachikasu, lisakunamizeni. Kuyambira mu Disembala 2009 siizunguliranso kosalekeza. Imayambira ku Hammersmith, kudutsa Edgware Road, kuzungulira mzinda wonse kudzera King's Cross, Liverpool Street, Tower Hill ndi Victoria, n'kudzathera pa Edgware Road pomwepo. Anachita izi chifukwa sitima yongozungulira ilibe pomapumira kuti ibweze nthawi yotayika, ndiye ikachedwa m'mawa imachedwa tsiku lonse. Zotsatira zake kwa wokwera n'zakuti wochokera ku Notting Hill Gate kupita ku Baker Street amatsika pa Edgware Road, nthawi zambiri n'kuwoloka pamlatho kukadikira ina.

Paddington ndiye msampha weniweni. Pali masiteshoni awiri a Underground, wina kutsogolo kwa siteshoni yaikulu cha ku Praed Street, wa District, Circle ndi Bakerloo, wina kumapeto kwenikweni kwa mapulatifomu a sitima zazikulu, wa Hammersmith & City ndi Circle. Wopita kum'mawa, ku Euston Square kapena King's Cross, ayende ulendo wautaliwo kupita ku yachiwiriyo. Akalowa yoyandikirayo, sitima idzamutula pa siteshoni yotsatira. Edgware Road nayonso ndi masiteshoni awiri a dzina limodzi, Hammersmith chimodzimodzi. Zonsezi ndi zipsera za makampani opikisana amene aliyense ankakumba zake, asanawaphatikize mu 1933.

Madzulo, Earl's Court. District, yobiriwira, imagawikana pano: Wimbledon, Richmond, Ealing Broadway kumadzulo, Edgware Road ndi Upminster mbali inayo. Sitima zotsatizana pa pulatifomu imodzi zimapita kosiyana. Dzina la laini silikwanira, werengani dzina la kumene sitimayo ikukathera, lolembedwa kutsogolo kwake ndi pa chikwangwani chowala.

Lachitatu: Northern, laini yakuda

Tsiku lonse lathera pa laini imodzi, ndipo ikuyenera.

Njanji zozama zinatheka chifukwa cha zinthu zitatu: dongo lofewa limene London wakhalapo, magetsi, ndi chishango chachitsulo chokumbira chimene anachikonza bwino injiniya James Henry Greathead, wobadwira ku Grahamstown ku South Africa. Anthu ankakumba ali m'kati mwa chishangocho, chikamasunthira kutsogolo ena m'mbuyo akumanga mikombero yachitsulo. Njanji yoyamba yotere, City & South London Railway, inatsegulidwa mu 1890 kuchokera pafupi ndi Monument mpaka Stockwell, ndipo lero ndi gawo la Northern. Chiboliboli cha Greathead chaima mumsewu pa Bank, pamwamba pa chumuni chotulutsira mpweya wa pansipo.

Mphanga za malaini ozama ndi zopapatiza, mamita pafupifupi 3.6 m'mimba mwake, ndipo sitima imadzaza mphangayo ngati chivindikiro cha botolo. N'chifukwa chake mphepo imayamba kuwomba pa pulatifomu sitima isanaoneke. Kutentha kumachokeranso pomwepa. Mabuleki ndi mamota amatulutsa moto tsiku lililonse, dongo lozungulira lakhala likumwa motowo kwa zaka zoposa 100, ndipo tsopano lakhuta. Pamene ankatsegula njanjizi pansi pankazizira, ankachita kuitanira anthu kuti akapumuleko ku dzuwa. Lero m'miyezi yotentha Central ndi Bakerloo zimapitirira madigiri 30. Ngakhale mwezi uno wa Okutobala, kunja kukuzizira, jekete lochindikala limasanduka mtolo mukangotsika. Valani zoti mutha kuvula, nyamulani madzi.

Northern inapangidwa polumikiza njanji za makampani awiri, ndiye pakati pa mzinda ili ndi nthambi ziwiri. Nthambi ya Charing Cross imadutsa Tottenham Court Road, Leicester Square, Embankment ndi Waterloo. Nthambi ya Bank imadutsa King's Cross, Angel, Old Street, Moorgate ndi London Bridge. Ziwirizi zimasiyana pa Kennington kumwera, zimakumananso pa Euston ndi Camden Town kumpoto. Kupitirira Camden Town laini imagawikananso, ina ku Edgware, ina ku High Barnet, ndi kanthambi ka Mill Hill East. Choncho pokwera muyenera kudziwa zinthu ziwiri: kumene ikukathera, ndi mawu akuti via Bank kapena via Charing Cross. Wopita ku King's Cross akakwera ya Charing Cross sadzaiona siteshoniyo. Akazindikira msanga atsike pa Euston akwere Victoria, ndi siteshoni imodzi yokha.

Camden Town ili ndi mapulatifomu awiri opita kumwera, ndipo iliyonse imalandira sitima za nthambi zonse ziwiri. Imani pakhonde la pakati, muwerenge chikwangwani chimene chikunena kuti yanu ibwerera mbali iti. Kumwera, sitima za ku Battersea Power Station, kumene njanji inafika mu Seputembala 2021, ndi za nthambi ya Charing Cross. Wochokera ku Bank asinthe pa Kennington.

Masiteshoni atatu a lero. Angel ili ndi masitepe oyenda okha aatali kuposa onse a Underground, mamita pafupifupi 60. Imani kumanja, kumanzere ndi kwa othamanga, ndipo lamulo ili anthu a kuno salinyengerera. Hampstead ndiyo yozama kuposa zonse, mamita 58 pansi pa msewu chifukwa ili pansi pa phiri, ndipo masitepe ake a pangozi amapitirira 300. Dikirani chikepe. Bank ndi mudzi wa makonde, wolumikizana ndi Monument, kumene kumakumana Northern, Central, Waterloo & City, District, Circle ndi DLR, njanji ya tisitima topepuka ya kum'mawa kwa mzinda. Mapulatifomu a Central pano ndi okhota kwambiri chifukwa okumba ankatsata msewu wapamwamba pothawa kulipira eni nyumba. Bogi ndi lowongoka, pulatifomu ndi yokhota, ndiye pakati pamatsala mpata woti mwendo wonse ungalowe. Mawu olengezedwa akuti Mind the gap, kutanthauza samalani mpata, pano si mwambo chabe. Mwana mugwireni dzanja, chikwama chamawilo chinyamuleni.

Kachidziwitso kena: Waterloo & City, ya masiteshoni awiri okha, imayenda Lolemba mpaka Lachisanu basi.

Lachinayi: mapu ndi msewu

Mapu amene aliyense amawadziwa anachokera kwa Harry Beck, wojambula mapulani a mawaya a magetsi, ndipo anasindikizidwa koyamba mu 1933. Anawongola mizere, anakulitsa pakati pa mzinda, anafinya kunja. Amaonetsa bwino chimene chikulumikizana ndi chinzake, koma za mtunda sanena zoona. Leicester Square ndi Covent Garden ndi mamita pafupifupi 260, kufupika kuposa paliponse, ndipo Covent Garden ilibe masitepe oyenda okha, ili ndi zikepe ndi masitepe 193 ozungulira. Yendani pansi. Charing Cross ndi Embankment ndi msewu umodzi waufupi. Bayswater ndi Queensway pamapu zili pa malaini osiyana, pamsewu zikuonana.

Charing Cross imatulukira pa Trafalgar Square. South Africa House ili pabwalo pomwepo, ofesi ya kazembe wa Zimbabwe ili chapafupi mumsewu wa Strand. Pa nsanamira yachinayi ya bwaloli ndi pamene panaima chiboliboli cha John Chilembwe atavala chipewa, chosemedwa ndi Samson Kambalu, kuyambira mu 2022 mpaka 2024. Anachichotsa monga amachitira ndi ziboliboli zonse za pansanamirayo, koma Mmalawi wodutsa pano ayenera kudziwa malo ake.

Masana, Victoria, yabuluu wowala, laini yomangidwa mwanzeru kuposa zonse. Inayamba mu 1968, inafika ku Brixton mu 1971, ili ndi masiteshoni 16, ndipo kuyambira pachiyambi sitima zake zimadziyendetsa zokha, dalaivala amatseka zitseko n'kudina mabatani. Nthawi ya pikitipikiti pamabwera sitima 36 pa ola, imodzi pa masekondi 100 aliwonse. Palibe chifukwa chothamangira chitseko chikutsekeka. Zitseko izi si za chikepe zimene zimabwerera zikakhudza dzanja. Zimafinya, ndipo sitima singanyamuke mpaka zonse zitatsekeka bwino, choncho lamba wa chikwama chimodzi amachedwetsa sitima khumi za m'mbuyo.

Oimanga anaganizira osintha sitima. Pa Oxford Circus, Victoria ndi Bakerloo zopita mbali imodzi zili moyandikana. Pa Stockwell ndi Northern chimodzimodzi, pa Finsbury Park ndi Piccadilly, pa Euston ndi Northern ya nthambi ya Bank. Green Park ndi yosiyana: pamapu ndi kadontho kamodzi, koma khonde la pakati pa Piccadilly ndi malaini enawo ndi lalitali. Wokakwera basi ya ku Manchester kapena Leeds adziwenso kuti Victoria Coach Station siili m'siteshoni ya Victoria, ndi mphindi khumi zapansi potsata Buckingham Palace Road.

Pobwerera pa King's Cross pali chikwangwani chokumbukira anthu 31 amene anafa pa moto wa pa 18 Novembala 1987. Machesi oyaka anagwera m'mbali mwa masitepe oyenda okha amatabwa a Piccadilly, pansi pake panali girizi ndi zinyalala za zaka zambiri. Moto unagona m'ngalande ya masitepewo, n'kukwera mwadzidzidzi kukaphulikira m'chipinda cha matikiti. Pambuyo pake analetseratu fodya paliponse, anayamba kuchotsa masitepe amatabwa, ndipo ogwira ntchito anapatsidwa malamulo okhwima otulutsira anthu. Akalengeza kuti siteshoni ikhuthulidwe, tulukani osafunsa.

Lachisanu: Bakerloo mpaka Harlesden

Bakerloo, yabulawuni, inatsegulidwa mu 1906, ndipo mabogi ake a 1972 ndiwo akale kuposa onse amene akunyamula anthu pa Underground. Amalira, amagwedeza, mipando ina ndi yoyang'anizana ngati ya m'sitima za kale.

Si sitima zonse zopita kumpoto zimene zimafika kumapeto ku Harrow & Wealdstone. Zambiri zimathera pa Queen's Park, zina pa Stonebridge Park. Mukakwera yothera panjira, tsikani mudikire yotsatira pomwepo. Zopitirira zimadutsa m'kati mwa shedi yosungiramo sitima zikangochoka pa Queen's Park, n'kuyamba kugawana njanji ndi sitima zazikulu za Overground, laini imene mu 2024 anaitcha Lioness. Popeza pulatifomu imodzi ikutumikira sitima yaifupi ndi yaitali, anaimanga pakatikati: kulowa mu Bakerloo mumatsika sitepe, kulowa mu Overground mumakwera. Kwa agogo ndi a njinga za olumala apa ndi povuta. Pamapu, chizindikiro cha njinga ya olumala chabuluu chimatanthauza kuti palibe sitepe kuchoka mumsewu mpaka m'sitima. Choyera chimatanthauza mpaka pa pulatifomu pokha.

Harlesden ndi dera limene Dr Hastings Kamuzu Banda ankagwira ntchito ya udokotala kuyambira mu 1945 mpaka pamene anapita ku Gold Coast, imene lero ndi Ghana, mu 1953. Wofuna kuyenda m'misika ya m'derali atsikire pa Willesden Junction, ndiyo ili pafupi ndi pakati pa tauni kuposa siteshoni yotchedwa Harlesden.

Kuno kunja njanji zimaoneka bwino, ndipo mudzawerenga zitsulo zinayi m'malo mwa ziwiri. Ziwiri ndi za mawilo. Cha m'mbali ndi cha pakati ndi za magetsi, mavoti 630 pa malaini ozama. Cha pakaticho chimabweza magetsi kuti asamayende m'mikombero yachitsulo ya mphanga ndi m'mapaipi a madzi ndi gasi, kumene akanadya zitsulozo. Foni ikagwera panjanji, uzani wogwira ntchito kapena dinani batani la Help Point. Musatsike.

Masanawa sitima inaima mphindi zingapo, dalaivala n'kulengeza za signal failure. Pa njanji za kachitidwe kakale, njanji imagawidwa m'zigawo, m'chigawo chilichonse mumayenda magetsi ochepa, ndipo mawilo a sitima akalowamo amadula magetsiwo, loboti la m'mbuyo n'kufiira. Waya akaduka, madzi akadikha, kapena kachitsulo kakagwera polumikizira, makina amaona ngati muli sitima pamene mulibe, loboti limakakamira pa kufiira. Anazipanga dala kuti chikawonongeka chiimitse sitima, osati kuilola. Pambali pa loboti lofiira pamadzuka kamkono kachitsulo kamene kamamenya kampopi ka mabuleki pansi pa sitima yodutsa mosaloledwa. Dalaivala akapatsidwa chilolezo chodutsa, amachenjeza kuti mugwiritse, sitima imagwedezeka n'kuima, kenako imakwawa pang'onopang'ono. Kugwedezeka kumeneko si ngozi, ndi chitetezo chikugwira ntchito. Chitetezo cha mtundu womwewu anachiika kumapeto a njanji pambuyo pa ngozi ya pa Moorgate pa 28 Febuluwale 1975, pamene sitima inalowa m'khoma osachepetsa liwiro, anthu 43 n'kufa.

Pa Willesden Junction pali kabwalo kogunditsira kapinki. Wopita ku Stratford pa laini ya Mildmay, imene imalambalala zoni 1, agunditse pamenepo posintha sitima. Ndi umboni woti sanadutse pakati pa mzinda, ndipo mtengo umatsika. Kapinki sikalowa m'malo mwa kachikasu, ndi kowonjezera. Mitengo imakweranso Lolemba mpaka Lachisanu kuyambira 6:30 mpaka 9:30 m'mawa ndi 4 koloko mpaka 7 koloko madzulo, ndipo chimene chimawerengedwa ndi nthawi imene mwagunditsa polowa.

Usiku wa Lachisanu ndi Loweruka Central, Victoria, Jubilee, Northern ndi Piccadilly zimayenda mpaka kucha, dongosolo limene linayamba mu 2016. Si nthambi zonse: Northern ya usiku imadzera ku Charing Cross kokha. Masiku ena onse sitima zomaliza zimachoka pakati pa mzinda pakangopitirira 12 koloko usiku, Lamulungu msangako.

Loweruka: Metropolitan mpaka Chesham

Pa makilomita pafupifupi 400 a Underground, oposa theka ali kunja, padzuwa. Metropolitan ndiyo imaonetsa zimenezi. Kuchoka pa Baker Street imathamanga mpaka Finchley Road, kuchoka apo mpaka Wembley Park, kusiyira Jubilee masiteshoni onse a pakati monga Kilburn, Willesden Green ndi Neasden. Pa Finchley Road ndi Wembley Park malaini awiriwa amagawana pulatifomu, kusintha n'kosavuta. M'kati mwa sabata, nthawi ya pikitipikiti, pamakhala sitima zolembedwa Fast ndi Semi-fast zimene zimadumpha masiteshoni ngati Preston Road ndi Northwick Park, ndipo Fast imadumphanso Pinner ndi Northwood. Wokhala m'madera amenewo afune yolembedwa All stations.

Kupitirira Rickmansworth ndi minda ndi nkhalango. Kuchoka pa Chalfont & Latimer mpaka Chesham ndi makilomita oposa 6 pa njanji imodzi, mtunda wautali kuposa wina uliwonse pakati pa masiteshoni awiri. Sitima za kuno ndi zapatalipatali, theka la ola, choncho apa pokha yang'anani nthawi musananyamuke.

Nyengo ino masamba akuyoyoka, ndipo ndi vuto lenileni. Mawilo amawapera n'kupanga utoto wakuda woterera pamwamba pa njanji. Dalaivala akagwira mabuleki, gudumu limaima koma sitima ikutsetsereka, chitsulo chimadyeka malo amodzi, gudumu limakhala ndi phwatalala. Phokoso la gu gu gu pansi pa bogi ndi limenelo. Sitima yotere imachotsedwa kukasema mawilo, ndipo zikachuluka laini imasowa sitima. Piccadilly, ya mabogi akale, ndiyo imavutika kwambiri, makamaka nthambi ya ku Uxbridge.

Mapeto a sabata ndi nthawi yokonza njanji. Pakhomo pa siteshoni iliyonse pali bolodi la mmene malaini alili, ndipo zomwezo zili pa apu ya TfL Go. Good service ndiye kuti zili bwino. Minor delays, dikirani pang'ono. Severe delays, funani njira ina. Part closure ndi kutseka kokonzekera, ndipo kunja kwa mzinda amaika mabasi olowa m'malo amene amatenga nthawi yowirikiza.

Pobwerera, Jubilee kuchoka pa Finchley Road. Gawo lake la kum'mawa, lotsegulidwa mu 1999, lili ndi zitseko zagalasi m'mphepete mwa mapulatifomu a pansi, kuyambira Westminster mpaka North Greenwich. Westminster ndi dzenje lalikulu la konkire ndi mipiringidzo yachitsulo, lokumbidwa pafupi kwambiri ndi nsanja ya Big Ben moti pokumba ankapopera simenti m'nthaka kuti nsanjayo isapendekeke. Mukatuluka, Westminster Abbey ili tsidya la bwalo, kumene David Livingstone anaikidwa mu 1874.

Lamulungu: kubwerera ku bwalo la ndege

Sitima za Lamulungu zimayamba mochedwerapo, ndipo kutseka kwa dzulo nthawi zambiri kumapitirira. Onani bolodi usiku wake.

Piccadilly yopita kumadzulo imagawikana pa Acton Town. Yolembedwa Uxbridge kapena Rayners Lane siipita ku Heathrow, ya Northfields imathera panjira. Mukakwera yolakwika tsikani pa Acton Town kapena musanafikepo, mudikire ina yolowera mbali yomweyo. Za Heathrow zenizenizo zilinso mitundu iwiri. Yolembedwa Terminal 5 imaima pa Terminals 2 & 3 kaye n'kukathera ku 5, siidzera ku 4. Yolembedwa Terminal 4 imayamba yazungulira ku 4, imadikirako mphindi zingapo, kenako n'kufika ku 2 & 3, ndipo ku 5 siifika. Wa ndege ya ku Terminal 2 kapena 3 amafika msanga ndi ya Terminal 5. Malo omaliza okonzera cholakwa ndi Hatton Cross.

Ulendo wa pakati pa Heathrow ndi zoni 1 umadulidwa mtengo wapamwamba nthawi ina iliyonse, ngakhale Lamulungu, choncho onani kuti pakhadi pali ndalama zokwanira. Zotsala pa Oyster zikakhala zosapitirira mapaundi 10, makina a matikiti a pasiteshoni amabweza, koma khadilo limafa pomwepo. Wodzabweranso alisunge, ndalama zake siziwola. Kuchoka pa King's Cross werengerani ola la sitima, mphindi 15 za makonde a ku Terminal 2, ndi theka la ola lina la loboti lofiira.